Tsiku Limene Ndinagonera Moto ku Girrawheen

A tcheyamani, zikomo pondipatsa mpata. Koma ndiyambe ndi kukuchenjezani nonse: amene mwabwera kudzamva aleluya ndi kuwomba m'manja, mwangotaya petulo wanu. Sindinabwere kudzakusangalatsani. Ndikayang'ana m'holo muno ndikuona nkhope zimene zinadya nyama yanga mpaka mafuta kuyenderera m'zigongono. Nkhope zomwezo ndi zimene zinkayang'ana kumbali tikakumana m'mashopu a ku Mirrabooka kuno, zinthu zitandivuta. Musaweramitse mitu. Ndiyang'aneni.

Kwa amene simundidziwa, dzina langa ndine Lameck, kwathu ndi ku Mponela. Ntchito yanga ndi yowotcherera zitsulo. Mayi a kunyumba ndi Esnart, namwino wa kunyumba zosungirako okalamba, ndipo tili ndi mwana mmodzi wamkazi, Takondwa, wobadwira konkuno. Ndinkagwira ntchito ku migodi ya kumpoto. Moyo wake ambiri mukuudziwa: kukwera ndege, kukhala masabata m'fumbi lofiira, kenako kubwera kunyumba kudzapuma masiku ochepa ngati mlendo.

Pa masiku opumawo ndi pamene ndinapanga simoka yanga. Ndinatola thanki yakale ya kompulesa, ndinaidula chitseko, ndinaigoneka pa mateyala. Kumbali kwake, chammunsi pang'ono, ndinawotcherera kabokosi kachitsulo kokolezamo moto, ndipo kumbali inayo ndinaimika chumuni. Ikaima kuseri kwa nyumba yathu ku Girrawheen inkaoneka ngati mutu wa sitima. Si kanyenya wa pa msika ameneyu. Nyama siiona lawi. Moto uli m'kabokosi, nyama ili m'thanki, ndipo chimene chimaipsetsa ndi kutentha ndi utsi zimene zimaidutsa popita ku chumuni. Chidale cha ng'ombe chimatenga tsiku lathunthu.

Ndipo moto wake ndinkaudziwa, izi palibe angatsutse muno. Umayamba ndi makala ambiri, apse mpaka afiire psuu, ndiwo maziko. Pamwamba pake umaika nkhuni za mtengo wolimba wa kuno wotchedwa jara, zouma bwino, zowaza zing'onozing'ono ngati mkono wa munthu, osati zipika. Chikuni chotsatira umachisanjika pamwamba pa kabokosi kuti chizifunda, chikalowa chigwire lawi nthawi yomweyo. Chumuni chizikhala chotsegula. Ukayang'ana pakamwa pake uone utsi wopyapyala, wobiriwira pang'ono, woti uchite kupenyetsetsa. Ukaona utsi woyera wochindikala, dziwa kuti moto ukubanika ndipo nyama yako iwawa ngati mankhwala a malungo. Moto wotere sufuna kusiyidwa. Chikuni chikayamba kugumuka kukhala makala, umaika china. Tsiku lonse uli pompo.

Kenako kunabwera korona. Malire anatsekedwa, ndipo tinakhala ngati mbuzi m'khola labwino: mkati tinkayenda momasuka, koma kutuluka ayi. Bambo anga anamwalira ku Mponela. Maliro awo ndinaonera pa foni, netiweki ikuduka, mphwanga akugwedeza kamera, ine nditakhala pa kama m'kachipinda ka ku mgodi. Ndinaona bokosi likutsika theka, chithunzi n'kuuma. Mawa lake ndinavala chisoti n'kupita kukawotcherera. Esnart naye ankangokhalira kuntchito. Akabwera ankavulira yunifolomu m'galaja, kusamba, kugona. Tinkadutsana m'khonde ngati anthu a lendi.

Ndiye Loweruka lililonse ndikakhala kunyumba, simoka inkayaka, ndipo inu munkabwera. Aliyense ndi bokosi la mowa paphewa. Munkati mukudzandipepesa maliro. Maliro anji opepesa miyezi yonse ija? Tinaika ndi lamulo, mukulikumbukira, linali lanu a Dyson, ndakuonani kumbuyoko: chikuni chikalowa pamoto, botolo litseguke. Tinkaseka. Koma chidale chimadya nkhuni zambiri, abale, ndipo inu madzulo munkapita kwanu, ine ndinkatsala ndi mabotolo otsala.

Zinatsetsereka mofulumira. Ndinayamba kuyatsa moto pakati pa sabata, ndekha, chifukwa munthu akakhala pafupi ndi simoka ndi botolo m'manja amaoneka ngati akugwira ntchito. Tsiku lina nditangofika ku mgodi anandipatsa kamakina kopumiramo koyezera mowa kaja. Kanalira. Ndege imene inandibweretsa ndi yomwe inandibweza, ndipo ntchito inathera pompo. Esnart analira, analankhula, anatopa. Ine ndinati ndipeza ina. Sindinafunefune.

Moto nawo ndinayamba kuuchitira ulesi. Kuwaza nkhuni ndinasiya. Ndinkangolonga zipika zikuluzikulu m'kabokosi n'kutseka chitseko kuti zizinyeka pang'onopang'ono, ine ndikhale pampando osadzukadzuka. Utsi woyera unkadzaza mseu wonse, zovala za aneba pachingwe zinkanunkha mwaye. Nyama inkatuluka yakuda, yowawa, yoyabwa pa lilime. Ndipo apa ndi pamene munasiya kubwera. Musanamize akazi anu kuti munasiya chifukwa munaona kuti Lameck akuonongeka. Munasiya chifukwa nyama inasiya kukoma. Palibe mmodzi mwa inu amene anandikokera pambali n'kunena kuti achimwene, mwafika poipa. Palibe.

Tsiku lenilenilo linali m'chilimwe, sabata ija anatitsekera m'nyumba tonse. Sukulu zinali zotseka. Kunja kunkawomba mphepo yotentha ya kum'mawa ija, mapiri a kuseri kwa mzinda akuyaka, phulusa likugwa pa magalimoto. Boma linali litaletsa kuyatsa moto uliwonse panja, ndipo ndinkadziwa. Esnart pochoka m'mawa anaima pakhomo, masiki ali kukamwa.

"Bambo a Takondwa, lero musayatse chinthu chanu chija. Mwamva pa wailesi."

"Ndamva. Kodi ndine mwana?"

"Mwanayu ndamusiya m'manja mwanu."

"Pitani kuntchito, mayi. Mundichedwetsa kugona."

Galimoto yake isanakhote n'komwe pa kona, ndinali nditatsegula botolo. Dzuwa lisanafike pamutu ndinayatsa simoka, ndi nthiti zochepa zimene ndinapeza mufiriji. Ndinalonga zipika mpaka kabokosi kudzaza. Zinayamba kufuka osayaka, ndiye ndinatsegula chitseko chonse kuti mphepo ilowe, chipika china chikutulukira kunja. Simoka inali pa udzu, ndipo udzu wa kuno m'chilimwe mukuudziwa, umachita kuthetheka ukaupondapo. Chapafupi panali mulu wa nkhuni, pamwamba pake neti yapulasitiki ya mthunzi imene ndinamanga ndekha. Ndinakokera mpando pansi pa mtengo wa mandimu. Takondwa anali m'nyumba akuonera makatuni. Anali ndi zaka zisanu ndi ziwiri.

Chimene chinandidzutsa ndi madzi kumaso. Neba wathu, bambo wachikulire wa ku Vietnam amene tinkangopatsana naye moni pa mpanda, anali atalumpha mpandawo ndi payipi yake, akukalipa m'chilankhulo chake. Udzu wonse unali bii. Mulu wa nkhuni unali lawi lokhalokha. Neti ija inali itasungunuka, ikudontha ngati phula. Ndipo pa sitepe ya khomo lakuseri panakhala mwana wanga, atanyamula dzanja lamanja m'mwamba ndi linzake. Sankalira. Ankangonjenjemera, maso ali pa ine. Anali atathamanga kukakoka payipi yathu imene inali pansi pa neti, pulasitiki yoyaka n'kumugwera kuyambira pa zala mpaka pamkono.

Kunabwera ozimitsa moto, ambulansi, apolisi. Onsewo ndinawauza bodza limodzi: ndinangolowa kuchimbudzi pang'ono, mphepo n'kugwetsa chikuni. Kuchipatala cha ana ankalola kholo limodzi lokha chifukwa cha matenda aja. Esnart anatulukira pakhomo la wodi ali m'yunifolomu yake, anandiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi.

"Pitani," anatero. "Ndikukumvani fungo ngakhale ndavala masiki."

Mwana atatuluka m'chipatala sanabwerenso ku Girrawheen. Esnart anamutenga n'kukakhala kwa achimwene ake, alamu anga a Fanuel, amene amayeza miyala ku migodi ndipo amakhala ku Ellenbrook. Ine ndinapita kukhoti pa mlandu woyatsa moto tsiku loletsedwa, ndipo a boma oona za ana ananena kuti ndizimuona mwana pokhapokha pali munthu wina wamkulu.

Mukuganiza kuti ndinasiya kumwa? Ndinawonjeza. Ndipo inu munandithandiza bwanji? Chithunzi cha galimoto yozimitsa moto itaima pakhomo panga chinazungulira pa gulu lathu la pa foni dzuwa lisanalowe, wina n'kulembapo kuti sitima ya a Lameck yafika pa siteshoni. Ndikumudziwa amene analemba. Ena atatu munabwera kudzapemphera, munasanjika manja pa simoka, n'kumatulutsa chiwanda m'thanki ya kompulesa. Ine ndili pambali panu, mpweya wanga ukununkha ngati m'bala ya mowa, palibe anandifunsa kuti ndadya liti. Ndinakondwera nalo pemphero lanu, chifukwa linkati wolakwa ndi chitsulo.

Tsopano mvetserani apa, chifukwa ndi pamene ndabwerera.

Inali nyengo yozizira, Lamulungu masana, kukugwa kamvula kowaza. Ndinakwera mabasi mpaka ku Ellenbrook, chifukwa galimoto ndinali nditagulitsa. Panjira ndinamwa pang'ono kuti manja asanjenjemere, n'kutafuna maswiti a timbewu. Alamu anatsegula chitseko osandipatsa moni. Anangoloza pabalaza, iwo n'kukhala pampando wa pakona atapinda manja. Esnart anali kukhitchini, sanatuluke.

Takondwa anakhala pa kapeti akujambula ndi dzanja lamanzere, mizere yake yokhotakhota ngati ya mwana wa ku nazale. Dzanja lamanja linali m'golovesi yothina ya mtundu wa khaki, imene madokotala anati azivala usana ndi usiku kuti zipsera zisatupe. Ndinakhala pansi pafupi naye. Ndinamubweretsera chokoleti, anachilandira n'kuchiika pambali.

"Dzanja likupweteka, mwanawe?"

Anapukusa mutu. Mwana ameneyu Chichewa amamva chonse, koma amayankha m'Chingerezi chake cha kuno. Anati limangoyabwa.

"Pepa, Tako," ndinatero. "Dadi anangolowa kuchimbudzi pang'ono. Akanakhala panja, sizikanachitika. Inali mphepo yoipa ija."

Anasiya kujambula. Sanandiyang'ane, ankayang'ana pepala lake. Ndipo analankhula motsitsa, ngati akundikumbutsa chinthu chaching'ono chimene ndaiwala ku shopu.

"Simunali kuchimbudzi, Dadi. Munali pampando. Ndinaona udzu ukuyaka pa windo, ndinabwera kudzakudzutsani. Ndinakugwedezani. Munatsegula maso."

"Ndinatsegula maso?"

"Eya. Munandiyang'ana. Munati choka apa, ukundisokosa ngati amako. Munandikankha, n'kugonanso. Ndiye ndinapita ndekha kukatenga payipi."

Anatola pensulo yake n'kupitiriza kujambula.

Abale, ine zimenezo sindizikumbukira. Mpaka lero ndafufuza m'mutu mwanga, mulibe. Bodza langa lija ndinalinena kambirimbiri mpaka ndinayamba kuona chitseko cha chimbudzi m'maganizo mwanga. Koma mwana sanali kundiimba mlandu. Sanakweze mawu, sanalire. Ankangokonza pamene ndalakwitsa. Ndinatembenuka kuyang'ana alamu. Nkhope yawo inandiuza kuti nkhaniyi anaimva kalekale, ndipo Esnart naye anaimva, ndipo madokotala anaimva. Miyezi yonse ija ndinkayenda ndi bodza limene aliyense m'nyumba imeneyo ankadziwa kuti ndi bodza. Kukhitchini madzi a pa sinki anali atasiya kutuluka.

Ndinadzuka n'kutuluka. Alamu ananditsatira mpaka panja, n'kutseka chitseko kumbuyo kwawo.

"Mwamva?" anatero.

"Ndamva, alamu."

"Ine ndikanakonda mukanapsa ndinu. Ndikunena pamaso panu kuti musadzamve kwa ena. Mlongo wanga ndamuuza kuti akusiyeni, ndipo ndizimuuzabe. Komanso maswiti anuwo sakubisa kanthu. Mukadzabweranso muno mutamwa, mudzathera pa geti."

Ndinayenda mpaka pa siteji ya basi mvula ikundivumba, ndinakhala pa benchi, basi inabwera n'kupita ine ndili pompo.

Zimene ndinachita pambuyo pake si zozizwitsa, ndipo amene muli m'dzenje lomweli tcherani khutu. Mawa lake ndinapita kwa dokotala n'kumuuza zoona za mmene ndinkamwera, osachotsera. Anandiuza kuti pamlingo umene ndinafika, kusiya mwadzidzidzi ndekha kunyumba kukanatha kundigwetsa khunyu. Musamanamizane kuti mwamuna amangosiya. Anandipatsa mankhwala, ankandiona pafupipafupi, ndipo sabata yoyamba ndinatuluka thukuta, ndinasanza, ndinanjenjemera ngati nkhuku yonyowa. Ananditumiza ku gulu la anthu osiya mowa. Ndinakakhala pakati pa azungu, Amwenye, mayi wina wa ku Sudan, anthu osandidziwa, ndipo kumeneko ndi kumene ndinayamba kunena nkhani ya mpando uja mmene inalili. Anthu achilendo anandimvetsera kuposa abale anga a Chichewa chimodzi. Ndinatuluka pa gulu lanu la pa foni. Ndinapita kwa neba uja kukagogoda, ndinamuthokoza, ndinamukonzera mpanda umene unapsa. Ndinapeza ntchito pa kagalaja kena kowotcherera mageti ndi matirela, malipiro ochepa, koma madzulo aliwonse ndimagona kunyumba. Kupemphera ndinkapemphera, inde, koma mankhwala ndinkamwanso.

Chimene chinkandivuta ndi Loweruka. Manja alibe chochita, nyumba ili zii, mmero ukuitana. Simoka inali pomwe inatsalira, yakuda, dzimbiri litayamba. Ndinaganiza zoidula ndi gulainda, ndinaimbira Esnart kumuuza, ndikuyembekeza kuti akondwera.

"Chitsulocho chinamwa mowa?" anafunsa. "Dulani ngati mukufuna. Ine sizindiuza kanthu."

Ku gulu la osiya mowa kuja ena anati ndisayandikirenso, chifukwa moto ndi botolo zinkayendera limodzi. Mwina kwa wina ndi malangizo abwino, ndipo ngati ndi inu, atsatireni. Koma ine ndinkadziwa kuti mowa ndi umene unandilanda moto, ndipo ndinkafuna kudziwa ngati ndingathe kukhala tsiku lathunthu pafupi nawo ndili maso. Ndinadikira mpaka chaka chinatembenuka, kuzizira kunabweranso. Ndinayala njerwa za simenti pabwalo lonse lakuseri. Ndinawotcherera thireyi yachitsulo pansi pa khomo la kabokosi, yolandira khala lililonse logwa, ndi kachitseko ka waya kokhala ndi loko, koti mpweya uzilowa koma chikuni chisatuluke. Nkhuni ndinazisamutsira kutali, mbali ina ya nyumba. Kenako ndinaimbira munthu mmodzi yekha amene ndinkadziwa kuti sangandinyengerere.

"Alamu, Loweruka ndikufuna kuyatsa. Ndikupempha mudzakhalepo."

"Kuti ndidzakuwombereni m'manja?"

"Kuti mukadzaona botolo mudzathire madzi pamoto n'kukauza mlongo wanu."

"Ndibwera. Osati chifukwa cha inu. Ndikufuna ndidzaone ndekha mukulephera."

Anafika m'mawa, analowa m'nyumba osapempha, anatsegula firiji, makabati, mpaka thanki ya kuchimbudzi. Atatuluka anakhala pampando, payipi ya madzi ili pamiyendo pawo. Ine ndinayatsa makala, ndinadikira afiire, ndinawayala m'kabokosi. Ndinaika nkhuni ziwiri zowaza mopingasa kuti mpweya uzidutsa pansi. Ndinasiya thanki itenthe yopanda kanthu mpaka utsi unapyapyala, geji yoyezera kutentha ya pachitseko itakhazikika, ndiye ndinagoneka chidale, mbali yonenepa kuloza kumoto. Chikuni choyamba chitalowa, dzanja langa lamanja linapita lokha pansi pambali pa mpando, pamene pankakhala botolo. Alamu anaona. Ndinatenga nkhwangwa n'kukawaza nkhuni zimene zinali zowaza kale.

Masana pali nthawi imene nyama imaima. Imatuluka thukuta, kutentha kwake sikukwera, ndipo umaona ngati palibe chikuchitika. Kale nthawi imeneyo ndi imene ndinkamwa kwambiri. Ndipo nthawi yomweyo ndi imene belu la pa geti linalira. A Dyson. Munaona utsi muli pa mseu, eti? Munaima pa geti panga, bokosi paphewa, mano onse panja.

"Lameck! Sitima yayambanso kuyenda! Ndangobweretsa kozizira pang'ono, ka maliro a zakale."

"Bwererani nako."

"Aa, iwe, kamodzi kokha. Wayamba ubusa?"

"A Dyson, mwana wanga akulemba ndi dzanja lamanzere. Munapitako kukamuona?"

"Zimenezo ndiye zandikhudza bwanji ine? Ndinakugoneka pampando ndine?"

Pamenepo munanena zoona, ndipo ndikuvomera pamaso pa anthu onsewa: simunandigoneke ndinu. Ndinagona ndekha. Koma munthu amene akudziwa zimene zinachitika pabwalo limenelo n'kubweranso ndi bokosi, ameneyo si mnzanga. Tinakalipirana pa geti mpaka aneba anasuzumira. Ndinakuuzani kuti mukadzapondanso pakhomo panga ndi mowa ndidzauswera pa galimoto yanu, ndipo mawu amenewo sindinawabweze.

Pobwerera kuseri ndinapeza chumuni chikutulutsa utsi woyera, geji yatsika. Mkangano unandidyera nthawi, makala anali atachepa, chikuni chomaliza chikungofuka. Alamu anali chikhalire, sanakhudze kanthu.

"Moto wanu ukufa," anatero.

Fungo la bokosi lija linali likadali m'mphuno. Lameck wakale akanaponyamo chipika n'kutseka. Ndinagwada pa njerwa. Ndinachotsa chikuni chofukacho n'kuchiika mu thireyi. Ndinakokera makala otsala pamodzi, ndinagwetsa phulusa limene linkatseka mpweya pansi. Ndinawaza tinkhuni tating'ono ngati zala, ndinatisanja pamwamba, chitseko chili chotsegula, ine ndili pompo ndikuyang'ana. Tinagwira. Ndinawonjeza tokulirapo, kenako chikuni chofunda cha pamwamba pa kabokosi. Lawi linaimirira loyera, utsi unapyapyala, geji inayamba kukwera. Pamene ndinkadzuka m'mawondo, ndinazindikira kuti kwa nthawi yonseyo sindinaganize za mowa.

Dzuwa litapendeka ndinatulutsa chidale, ndinachisiya chipume, ndinadula. Alamu anadya kachidutswa ataimirira, anatafuna nthawi yaitali.

"Mchere wachepa," anatero. Kenako anatenga mbale yapulasitiki, analongamo nyama, n'kunyamula kupita nayo ku Ellenbrook. Ndinathira madzi pa makala onse mpaka ndinatha kuwagwira ndi dzanja.

Anabweranso Loweruka lotsatira, ndi linzake. Mpaka lero sitiseka limodzi. Amanditcha bambo a Takondwa, osati alamu, ndipo akalowa m'nyumba mwanga amatsegulabe firiji. Ndimawasiya. Ali ndi chifukwa.

Esnart anabwerera patapita nthawi yaitali, malire atatsegulidwa kale, ndipo anabwera ndi mawu amodzi: botolo limodzi, ndapita, ndipo ulendo uno sindikakhala ku Ellenbrook kokha. Musaganize kuti zonse zili bwino. Takondwa anavula golovesi, koma zala ziwiri sizipindika bwino, ndipo madokotala akuti adzamuchitanso opaleshoni akamakula. Tsiku loyatsa moto ndimayamba ndamufunsa. Akati ayi, sindiyatsa. Akati eya, amakhala m'nyumba, chitseko chakuseri chotseka. Nyama amadya, koma pabwalo paja sapondapo. M'chilimwe simoka imakhala yovundikira, ngakhale tsiku limene boma silinaletse. Anzake kusukulu akamufunsa za dzanja, ndinamuuza kuti asandibisire, anene mmene zinalili. Ndipo amanena. Makolo ena pa geti ya sukulu sandipatsa moni. Ndimapirira, chifukwa si ine amene ndikuyenda ndi zipsera.

A tcheyamani akundilozera wotchi. Ndamaliza, koma chatsala chimodzi. Kuyambira pamene ndinaima pano ndikumva fungo. Munthu amene anasiya mowa amaumva patali, ngakhale mutatafuna chingamu paketi yonse. Pali bambo wina muno wabwera atamwa, masana ano, ndipo panja ndaona galimoto yake ili ndi mpando wa mwana kumbuyo. Dzina sinditchula. Tikamatuluka ndikaima pakhomo. Mundipatse makiyi mwakachetechete, ndikakutulani kwanu, ndipo mawa m'mawa ndidzakutengani tipite kwa dokotala. Mukandidutsa n'kukalowa m'galimotomo, ndiimbira apolisi inu musanatuluke pa geti, ndipo mudzadane nane mmene mungafunire.